Gwape ukamulasa madzulo, nkhandwe nazo zimamva

Kumpoto kwa Indiana kuno, ukalasa gwape dzuwa likulowa usaganize kuti nkhaniyo ukuidziwa wekha. M'minda ya chimanga ndi soya yozungulira South Bend, m'timankhalango ta m'malire a minda ndiponso m'madambo otsikira ku mtsinje wa Kankakee muli coyote, nkhandwe ya ku America kuno, yotalikirapo miyendo kuposa yakwathu, yolemera makilogalamu 14 kapena kuposerapo pang'ono. Masana sizionekaoneka. Koma fungo la magazi ndi la zam'mimba likangoyenda ndi mphepo zimafika, ndipo usiku umodzi wokha zimatha kusiya gwape wathunthu ali mutu, chikopa ndi nthiti basi. Abale angapo a m'dera lino akhala akundifunsa za ulenje, ena chifukwa nyama ya m'sitolo yakwera mtengo, ena chifukwa chongolakalaka nyama yam'tchire. Onse amafunsa za mfuti ndi laisensi. Za maola a pakati pa kulasa ndi kufikitsa nyama pakhomo safunsa, chonsecho pamenepo ndi pomwe nyama imatayikira.

Ine ulenjewu ndinauphunzira kuchikamwini. Mayi akunyumba ndi a konkuno, ndipo bambo awo ali ndi munda kum'mwera kwa mzinda, wokhala ndi kankhalango ndi ngalande yaikulu kumapeto kwake. Apongoziwo ndi amene anandifotokozera kuti agwape a mchira woyera amene lero akugundidwa ndi magalimoto m'misewu yonse anali atatheratu mu Indiana pofika 1893. Boma linayamba kuwabweretsanso mu 1934, kuchokera ku Wisconsin, Michigan, Pennsylvania ndi North Carolina, ndipo ulenje unatsegulidwanso mu 1951. Masiku ano alenje amapha agwape oposa 100,000 chaka chilichonse m'boma lino lokha. Nkhandwe nazo zinali zochepa, zikumapezeka makamaka m'zigwa za udzu chakumadzulo, mpaka m'ma 1970 pamene zinayamba kufalikira paliponse. Apongozi amati ali achinyamata, munthu akalasa gwape madzulo ankapita kukagona mtima uli m'malo, m'mawa n'kukamupeza ali gone, wosakhudzidwa. Malangizo ambiri amene alenje achikulire amapereka anabadwa nthawi imeneyo, nkhandwe zisanachuluke.

Za malamulo ndingodutsamo, poti amasinthasintha ndipo a DNR, nthambi ya boma yoona zachilengedwe, amatulutsa kabuku katsopano chaka ndi chaka. Wobadwa pambuyo pa 31 December 1986 amayenera kuchita kosi ya ulenje asanagule laisensi yokhazikika. Nyengo ya uta imayamba pa 1 October n'kutha kumayambiriro kwa January. Ya mfuti ndi masiku 16 kuyambira Loweruka loyamba pambuyo pa 11 November. Kusaka kumaloledwa kuyambira theka la ola dzuwa lisanatuluke mpaka theka la ola litalowa. Inu amene muli pa viza ya sukulu kapena ya ntchito, lamulo la mfuti kwa inu lili ndi mfundo zakezake, ndipo wopanda mapepala saloledwa kugwira mfuti n'komwe, ngakhale ya mnzake. Funsani loya musanapite kutchire.

Zanga zinachitika sabata yoyamba ya November, nthawi imene agwape amphongo amasokonezeka mitu n'kumathamangitsa akazi usana ndi usiku. Mawotchi anali atangobwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi, monga amachitira kuno chaka ndi chaka, ndiye dzuwa linkalowa cha m'ma 5:30. Ndinali pa kansanja ka mumtengo ndi uta wa crossbow, woombedwa pokoka chala ngati mfuti, mphepo ikundiwomba kumaso monga zimafunikira. Kutatsala pang'ono kuti nthawi yololedwa ithe, gwape wamkazi anadutsa m'mbali mwa ngalande, ndipo pambuyo pake panatulukira mphongo ya nyanga za nsonga 8, khosi lili tutumu, mphuno ili pansi. Inaima pamtunda wa mamita ngati 25, itandipatsa nthiti. Pomwe ndinkakoka chala, nayo inaponya mwendo kutsata wamkazi uja. Muvi unalowa kumbuyo kwa nthiti zomalizira. Siinathamange ayi. Inapinda msana, mchira uli pansi, n'kumayenda pang'onopang'ono mpaka kulowa m'ziyangoyango.

Kayendedwe kameneko kamanena zambiri. Gwape wolasidwa m'mapapo onse awiri kapena mumtima amadumpha, n'kuthamanga mwaliwiro loopsa, ndipo kawirikawiri amagwa asanapitirire mamita 100. Wolasidwa m'mimba ndi amene amapinda msana n'kumayenda ngati wodwala. Muvi nawo umaulula. Magazi ofiira mowala, otuwirako, okhala ndi timathovu ndi a m'mapapo. Pamenepo dikirani theka la ola kapena ola limodzi, mukamutenge. Magazi oderapo, okhuthala, ndi a chiwindi, ndipo alenje ambiri amadikira maola anayi mpaka asanu ndi limodzi. Koma ukapeza muvi uli ndi madzi obiriwira, tizinyenyeswa ta udzu ndi chimanga, ukununkha chifu, ndiye kuti udikire maola 8 mpaka 12. Wanga unali ndi zonse ziwiri, magazi oderapo ndi fungo la chifu.

Ndinawaimbira alamu anga, achimwene awo a mayi akunyumba, ndipo anabwera ndi tochi. Anaununkhiza muviwo, n'kuupereka kwa ine.

"Alamu, uyu sapulumuka, koma safa msanga. Wagona penapake pafupi pompano. Tikamutsata panopa tikamuvumbulutsa, awoloka ngalande, alowa m'munda mwa eni ake, ndipo magazi satsikanso pansi. Tiyeni kunyumba."

Ankanena zoona. Gwape wolasidwa m'mimba amakagona pamalo oyamba obisika, nthawi zambiri pafupi ndi madzi, ndipo ukamusiya amafera pomwepo. Ukamudzidzimutsa amapeza mphamvu zoyenda kilomita yathunthu kapena kuposerapo, bala litatsekeka ndi mafuta ndi matumbo, wosasiya kadontho ngakhale kamodzi. Nyama yotere imakafera kutali, osapezeka. Kunja kunkazizira mpaka madzi kuundana, kotero za kuwola sitinade nazo nkhawa. Tinamanga kansalu pamtengo pomwe magazi anathera, n'kubwerera.

Cha m'ma 9 usiku ndili pakhonde ndi apongozi, kulira kunayamba. Imayamba imodzi, mawu aatali okwera, kenaka zina n'kulowerera ndi timawu tothothoka, mpaka kumveka ngati gulu la khumi kapena kuposa. Apongozi anati ziwiri kapena zitatu zimakwanitsa phokoso lonselo, ndipo kawirikawiri limakhala banja limodzi, yaimuna, yaikazi ndi ana a chaka chomwecho amene sanabalalike. Kulirako kunkachokera kungalande.

"Bambo, tipite?" ndinafunsa.

"Maola atatu okha apita, mwananga. Ngati akadali moyo, ukamuthamangitsa ndiwe. Ngati zamupeza, zamupeza kale. Khala pansi."

Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma usiku umenewo kudekhako kunandiwawa. Tulo sindinatione.

Kutangocha tinalowa m'ziyangoyango muja. Magazi sitinavutike nawo kulondola, chifukwa akhwangwala anali atasonkhana kale m'mitengo, akulongolola. Tinamupeza m'mabango a m'mbali mwa ngalande, mamita ngati 300 kuchokera pomwe ndinamulasira. Nkhandwe zimayambira kumbuyo, pofewa, pakati pa ntchafu ndi pamimba. Ntchafu zonse ziwiri zinali mafupa okhaokha. Chiwindi, mtima, mapapo, zonse zinali zitapita, chifu chitakokeredwa pambali n'kung'ambidwa. Nyama ya msana, imene mlenje aliyense amaiwerengera, inali itadyedwa mpaka pakati. Ubweya unali mbwee paliponse. Zotsala zinali khosi, mutu, ndi phewa limene anagonera.

Chimene chinkandivuta mumtima si nyama yokha. Ndinkafuna kudziwa ngati zinamupeza akadali moyo. Alamu anandionetsa kaonedwe kake. Nyama ikalumidwa mtima ukugundabe, pansi pa chikopa pozungulira mano pamakhala magazi oundana, ndipo nkhandwe zikamapha gwape zimasiya mabala pakhosi ndi kumbuyo kwa miyendo, udzu utapondedwapondedwa malo aakulu. Tinasenda khosi, n'kupeza loyera bwinobwino. Pomwe anagona panali dziwe limodzi la magazi, mabango ozungulira ali chiimire. Anafa yekha pogona pake, nkhandwe zinabwera pambuyo. Mtima unatsikako pang'ono. Komanso zinandiuza chinthu china: panali nthawi, mwina maola angapo pakati pa usiku, imene gwapeyo anali atafa koma ali wathunthu.

Kodi nyama yotsala nkhandwe imadyedwa? Alenje amasiyana maganizo. Ena amangodula nyanga n'kumapita. Ine kutaya nyama yabwino kumandivuta, koma sindidya chilichonse. Tinavala magolovesi. Paliponse pomwe mano anafika, tinadula motalikira ngati chikhatho cha dzanja, n'kutaya. Ponse pomwe zam'chifu zinakhudza, tinasiya. Nkhandwe zimakodzera ndi kuchita chimbudzi pa nyama kapena pambali pake posonyeza kuti ndi yawo, ndipo m'ndowe zake mumatha kukhala mazira a njoka zam'mimba zoopsa kwa munthu, kotero chilichonse chimene chinali pamtunda, chosaphimbidwa ndi chikopa, sitinachiwerengere. Phewa la pansi ndi khosi zinali zikadali m'chikopa chosabooka. Pamenepo chofunika ndi mphuno: cheka mpaka pafupa, ununkhize. Nyama yogonera pansi usiku wonse m'chikopa imasunga kutentha, ndipo ikayamba kuwonongeka imayambira pafupa, fungo lowawasa, mtundu wobiriwira. Yathu inali bwino. Tinatola makilogalamu ngati 8, pa nyama imene ikanapereka oposa 25 yopanda mafupa. Yonseyo tinaiphika mpaka kupsa bwino, yogaya kufika madigiri 71, ndipo sitinayanikeko ngakhale kachidutswa.

Panatsala nkhani ya kulembetsa. Mu Indiana, ukangopha gwape umalemba kapepala: dzina lako, adiresi, nambala ya laisensi, tsiku, ndiponso ngati ndi wamphongo kapena wamkazi. Kenaka umamulembetsa pa CheckIN Game, njira ya boma yolembetsera nyama pa intaneti kapena pafoni, pasanathe maola 48. Ndipo kawirikawiri gwape wanyanga amaloledwa mmodzi yekha pa nyengo yonse ya chakacho. Mnzanga wina wakuntchito anandinong'oneza kuti, "Aise, amene wakuona ndani? Nkhandwe zadya, ndiye ndi wa nkhandwe. Kalase wina." Ine sindinagwirizane nazo. Muvi unali wanga, wapha ndi ine, nkhandwe zinangopeza chakufa. Ndinamulembetsa, ndipo chaka chimenecho za nyanga zinathera pomwepo. Wokayika pa nkhani yotere aimbire conservation officer (wapolisi woona za nyama zam'tchire) wa m'dera lake asanachite chilichonse; iwo amakumana nazo chaka ndi chaka.

Masiku otsatira ndinali ndi ukali, ndipo ndinawauza apongozi kuti ndikufuna kuzitha nkhandwe zonse za kungalande. Lamulo limalola: nyengo yosaka nkhandwe ndi 15 October mpaka 15 March, ndipo mwini munda, kapena amene wamupatsa chilolezo cholemba, angathe kuzipha pamalo ake chaka chonse. Apongozi sanandiletse, anangoti anayesapo kale. Ukapha banja la pamalopo, pakangopita masabata zina zongoyendayenda zimalowa m'malomo, ndipo zotsala zikakhala ndi chakudya chambiri zimabereka ana ochuluka. Pambuyo pake ndinawerenga za kafukufuku wa John Kilgo ndi anzake ku Savannah River Site, ku South Carolina. Anapeza kuti nkhandwe zimadya ana a agwape ambiri zedi, koma atazitchera misampha mwamphamvu zaka zitatu, ana opulumuka anangowonjezekera pang'ono, mosadalirika. Komanso chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku ndi mbewa, akalulu, zipatso ndi nyama zofa zokha, ndipo mlimi wa chimanga sadana nazo kwenikweni. Wofuna kusaka nkhandwe chifukwa cha chikopa kapena poteteza nkhosa zake asake, ndi ufulu wake. Koma asadzinamize kuti potero gwape wake wa November adzagona bwino kutchire. Mpikisano wa usiku umenewo ndi wa nthawi, ndipo umayamba muvi usanachoke.

Masiku ano mphindi zomalizira za kuwala ndimaziopa. Ndi nthawi imene agwape akuluakulu amatuluka, n'chifukwa chake zimakopa, komanso ndi nthawi imene diso silionanso bwino pomwe muvi walowa, ndipo chilichonse chikapotoka, patsogolo pako pali mdima wa maola 13 kapena kuposa. Ndiye madzulo ndimalasa pokhapokha nyama ili pafupi, yaima ndithu, yandipatsa nthiti kapena yatembenukira kumbali pang'ono mondifulatira. Mphongo yotsata wamkazi ndimayamba ndaiimitsa ndi kamawu kapakamwa. Ikapanda kuima, ipite. M'mawa zinthu zimapepukirako: ukalasa 8 koloko, ngakhale muvi ulowe m'chiwindi, maola onse odikira amathera masana, pamene nkhandwe zambiri zagona, ndipo umalondola magazi dzuwa likuwala. Kwa amene mukungoyamba kumene, ine ndingati yambani ndi ulenje wam'mawa.

Chachikulu chimene ndinasintha ndi mawu akuti "tikamuona m'mawa". Lamulo la maola ndimalisungabe, chifukwa kuvumbulutsa nyama yovulala n'koipa kuposa nkhandwe. Nkhandwe zimakusiyirako phewa, pomwe gwape wothawa sakusiyira kanthu, ndipo amakavutika. Koma ndimawerenga maolawo kuyambira pomwe ndalasa. Chiwindi cha 5:30 madzulo ndiye kuti pofika 11 usiku ndili kale m'tchire. Chifu cha 5:30 ndiye kuti alamu ya foni ilire 2 koloko usiku, osati 7 m'mawa. Maola asanu a pakati apowo ndi ambiri kwa nkhandwe zitatu zanjala. Ndipo zikayamba kulira mbali yomwe nyama yalowera, maola ofunika atatsala pang'ono kukwana, ndimapita, mwakachetechete, ndikuima kawirikawiri kumvetsera. Popita usiku uta ndi mfuti zimatsala kunyumba, chifukwa munthu woyenda ndi tochi ndi chida m'tchire usiku amaoneka ngati wopha nyama mozemba. Kuwadziwitsa a conservation officer kuti mukulondola gwape wovulala pamalo akutiakuti kumachotsa mavuto ambiri.

Palinso zinthu zimene zimakonzedwa mu September, nyengo isanayambe. Kuno malire a munda ndi malire ndithu. Gwape wako akafera tsidya la waya, ulibe ufulu wodumpha popanda chilolezo cha mwini malo, ngakhale ukumuona ndi maso. Kugogoda pakhomo la munthu wosamudziwa pakati pa usiku, kumidzi ya ku America, uli munthu wakuda wovala zaulenje, si chinthu chimene ndingalangize m'bale wanga aliyense. Ndimapita masana ndi apongozi, kukadzionetsa kwa anansi onse, kutenga manambala awo, n'kugwirizana kuti uthenga wa pafoni ndi wokwanira. Nyama ikapezeka, kanyama ka msana kamapita kwa iwo. Nambala ina yofunika ndi ya munthu wa galu. Indiana imalola kulondola gwape wovulala ndi galu womangidwa pachingwe, ndipo bungwe la United Blood Trackers lili ndi mndandanda wa anthu otere boma ndi boma. Galu wophunzira amatsata fungo la gwape mmodzi yemweyo ngakhale magazi asakuoneka. Chimene eni agalu amadandaula nacho ndi alenje amene amayamba apondaponda tchire lonse ndi anzawo asanu, kumwaza fungo ndi nsapato, kenaka n'kumaimba foni. Magazi akatha, ikani chizindikiro, tulukani momwe munalowera, imbani.

Nanga ukamupeza, koma kumutulutsa usiku womwewo n'kosatheka? Izi zinatichitikira m'nyengo ya mfuti, chipale chofewa chochokera ku nyanja ya Michigan chitagwa. Alamu anawombera gwape wamkazi wamkulu, ndipo anakagwera mkati mwa dambo, matope ofika m'mawondo, kutali ndi pomwe galimoto ingafike. Tili mkati motumbula, tochi yanga ya pamphumi inagwira maso awiri, kenaka ena awiri, mamita ngati 40. Sizinkathawa, zinkangozungulira, kuima, kukhala pansi, kutiyang'ana ngati fisi wodikira kuti mwini khola alowe m'nyumba. Kunena zoona tsitsi linandiima. Koma nkhandwe kuukira munthu wamkulu n'kosowa kwambiri. Umaimirira, kutambasula manja, kukuwa, kugenda ndi chibuma, ndipo zimabwerera m'mbuyo. Chosafunika ndi kuthawa, kapena kubwera ndi kagalu kakang'ono n'kukamasula.

Tinatumbula msanga, chifukwa kutentha kwa m'mimba ndi kumene kumawononga nyama, ndipo cholinga ndi choti izizire kufika madigiri 4 mwamsanga. Kenaka tinamukoka kumuchotsa pomwe panali matumbo, mamita 100 kapena kuposerapo, kupita pamalo oonekera. Nkhandwe zimayamba ndi mulu wa matumbowo, chifukwa ndi wofewa, wonunkha, ndiponso uli kutali ndi munthu. Pamenepo umagula nthawi. Ine ndinatsala ndi nyama, alamu n'kupita kukatenga chikoka cha pulasitiki ndi zingwe. Mukakhala awiri, imeneyi ndiyo njira yosakayikitsa: mmodzi asachoke. Ndili pompo ndinkamva zikulimbirana matumbo kuseri kwa mabango. M'mawa titapita kukaona, panali chipale chofiirira ndi mapazi basi.

Ukakhala wekha ndiye pamafunika mpeni ndi chingwe. Mutu suyenera kuchoka pathupi gwape asanalembetsedwe, koma poti kulembetsa kumatheka pafoni pomwepo, ndimayamba ndalandira nambala yotsimikizira, kenaka n'kumugawa: ntchafu ziwiri, mapewa awiri, nyama ya msana, ya m'kati mwa msana, ya khosi. Zonse m'matumba a nsalu opitisa mpweya, osati a pulasitiki, n'kuzipachika panthambi kupitirira mamita awiri kuchokera pansi, motalikirana ndi thunthu. Ulendo woyamba ndimanyamula msana ndi ntchafu, kuti ngati china chitayike, chikhale chotsika mtengo. Gwape wathunthu munthu mmodzi sangamukweze mumtengo popanda kapule, kawilo kokwezera katundu ndi chingwe, ndiye kakang'ono kamakhala m'chikwama. Ngati nyama ikutsala osaiona ndi maso, kapepala kaja kamangiriridwe pamenepo, ndi lamulo.

Mudzamva alenje akunena za kusiya malaya a thukuta pa nyama, kukodza mozungulira, kusiya tochi yoyaka kapena kawailesi kakulankhula. Ndimachita, poti sizidya ndalama, ndipo nkhandwe zakumidzi zimene zimasakidwa kawirikawiri zimachita mantha ndi chachilendo kwa usiku umodzi. Koma sindiziika mtima. Ku Chicago, ulendo wa maola awiri okha kuchokera kuno, Stan Gehrt ndi gulu lake akhala akutsata nkhandwe zam'tauni kuyambira 2000, ndipo anapeza zikukhala m'mapaki, m'manda ndi m'mbali mwa njanji, pakati pa anthu mamiliyoni. Nkhandwe yokulira kuseri kwa malo oimika magalimoto singathawe jekete. Mnansi wina wa apongozi anaphimba gwape ndi chikhoti chake chaulenje, m'mawa n'kupeza chikhoticho chakokeredwa pambali, thumba lake litang'ambidwa chifukwa munali chingamu.

Mulu wa matumbo uja uli ndi nkhani yakenso. Chipolopolo cha mtovu chikalowa m'nyama chimanyenyeka tizidutswa tosaoneka, ndipo tambiri timatsalira m'matumbomo. Nkhandwe zikapanda kumaliza, masana kumabwera akhwangwala ndi ziwombankhanga za mutu woyera, ndipo kwa mbalame mtovu pang'ono chabe ndi poizoni. Alamu anasinthira ku zipolopolo za kopa pa chifukwa chimenechi, komanso poganizira ana amene amadya nyamayo kunyumba.

Mafupa, chikopa ndi zodula zotsala pambuyo pokonza nyama musakazitaye kuseri kwa nyumba kapena pafupi ndi pomwe mumasakira. Mukatero mukuziphunzitsa nkhandwe kuti pamenepo pamapezeka chakudya, ndipo zikazolowera njira, nkhuku ndi amphaka a pakhomo ndi amene amalipira. Kuwonjezera apo, mu 2024 matenda a ubongo a agwape otchedwa CWD anapezeka koyamba mu Indiana, ku LaGrange County, chakum'mawa kwathu kuno. Kachilombo kake si kofa ndi kuphika, kamakhala kwambiri mu ubongo, m'fupa la msana ndi m'mwanabere, ndipo kamatha kukhala m'nthaka zaka zambiri. Kunyamula mtembo wa gwape kuchokera dera lina n'kukautaya m'tchire la dera lina, nkhandwe n'kumwaza mafupawo, ndi njira imodzi yofalitsira. Zotsala zathu timazimanga m'matumba awiriawiri n'kuziika m'zinyalala zopita kudzala la boma, ndipo gwape wochokera kufupi ndi kumene matendawo apezeka timakamuyezetsa kwa a DNR, nyama n'kudikira mufiriji mpaka zotsatira zitabwera.